Mbande imodzi pa phando: mafunso amene alimi a mpunga amafunsa za SRI

Amene mumalima mpunga m'masikimu monga Bwanje, Domasi, Limphasa kapena Wovwe, mwina munamvapo mlangizi akunena kuti muziwokera mbande imodzi yokha pa phando, yaing'ono ngati singano. Ambiri amavomera pamsonkhano, koma akafika pa puloti amabwerera ku mbande zinayi zija. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amatuluka anthu akamachokera kumsonkhano, mlangizi atakwera kale njinga yake.

Kodi SRI n'chiyani, nanga inachokera kuti?

SRI ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti System of Rice Intensification. Si mtundu wa mpunga, ndipo si feteleza. Ndi kalimidwe. Malamulo ake akuluakulu ndi awa: mbande ikhale yanthete, ya masiku 8 mpaka 12, ikhale imodzi pa phando, mapando atalikirane masentimita 25 mbali zonse, madzi asamangokhala ndundundu m'munda, ndipo kupalira kuyambe msanga. Njirayi inayambira ku Madagascar. Wansembe wina wa ku France, Henri de Laulanié, amene anakhala zaka zoposa 30 akugwira ntchito ndi alimi kumeneko, anaona mu 1983 kuti mbande zimene zinawokeredwa zili zazing'ono kwambiri zinaphukira kuposa zinzake zokhwima. Kenako Norman Uphoff wa pa yunivesite ya Cornell ku America anathandiza kuifalitsa m'maiko ambiri.

Si Sasakawa yomweyo ya chimanga ija?

Ganizo lake ndi lofanana, koma anabweretsa ndi anthu osiyana. Pa chimanga, makolo athu ankaika mbewu zitatu pa phando, mizere ndi mapando zitatalikirana masentimita 90. Pa hekitala pankakhala mapesi pafupifupi 37,000, ndipo atatu a phando limodzi ankalimbirana chakudya. Njira ya Sasakawa inafupikitsa mizere kufika pa masentimita 75, mapando pa masentimita 25, mbewu imodzi basi, ndipo mapesi amakwana 53,000 n'kupitirira pang'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti pa chimanga mapesi amachuluka, pomwe pa mpunga mbande zimachepa kwambiri. Chimanga chamakono sichidalira ana a m'mbali. Mpunga umadalira mphukira zake, ndipo mphukirazo zimafuna malo.

Mbande ya masiku 10 si khanda lenileni? Ingapirire bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani. Mpunga umayamba kutulutsa mphukira ukafika pa masamba anayi kapena kuposera pang'ono. Mukaisunga pa nazale milungu itatu kapena inayi, mbande imafika nthawi yophukira ili mothinana ndi zinzake, kenako mumaizula n'kudula mizu, n'kuimanga m'mitolo, n'kuisiya m'ngalande mpaka mawa. Ikalowa m'munda imatha masiku ikudwala, masamba atachita chikasu, ndipo mphukira zoyambirira, zomwe zikanabalanso zina, zimakhala zatayika. Mbande ya masamba awiri imasamuka nthawi yophukira isanakwane, ndiye ntchito yonse imakaigwirira pamalo pake.

Koma khanda limafuna manja ofewa. Simuzula mokoka. Mumalowetsa fosholo, chikwanje kapena mbale yakale pansi pa nazale n'kunyamula mbande pamodzi ndi dothi lake. Mukayang'anitsitsa muona kanjere ka mpunga kadakali kolendewera pa muzu: kasathothoke, chifukwa mbande ikudyabe mmenemo. Isathe theka la ola isanalowe m'matope. Ndipo simuikankhira pansi ndi chala mpaka muzu kupindikira m'mwamba. Mumangoigoneka pang'ono mozama sentimita imodzi kapena ziwiri, muzu ugone cham'mbali. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye mbande zimakula mochedwa, ndiye werengani masamba, osati masiku okha.

Nanga imodziyo ikafa?

Mumapakiza. Siyani mbande zotsala m'mphepete mwa munda, ndipo mkati mwa sabata yoyamba yendani m'mizere kubwezeretsa pamene pafa. Chimene chimachepetsa imfa n'kusankha mbewu poyamba pomwe. Sungunulani mchere m'ndowa ya madzi mpaka dzira losaphika liyandame, thirani mbewu, ndipo zonse zoyandama mutaye. Zomira zitsukeni bwinobwino ndi madzi abwino, ziviikeni tsiku limodzi, kenako zikulungeni m'thumba lonyowa mpaka zitayamba kutuluka kamuzu koyera. Pa nazale fesani motayana, osati mounjika.

Masentimita 25 ndiwayeza bwanji m'matope?

Tengani chingwe cholimba, pindirani zitsekerero za mabotolo pa chingwecho pa masentimita 25 aliwonse. Mfundo zimasuntha chingwe chikanyowa, zitsekerero sizisuntha. Anthu awiri amagwira nsonga, aliyense ali ndi kamtengo kotalika masentimita 25 koyezera posuntha chingwe. Ena amakhoma misomali kapena timitengo pa thabwa ngati chipeso n'kumalikoka m'matope molunjika kenako mopingasa, ndipo mbande imaikidwa pamene mizere yadutsana. Chipesochi chimafuna matope osalazidwa bwino, opanda madzi pamwamba, apo ayi mizere imafufutika musanafike pakati.

Pa nthaka yoguga mutha kufupikitsa kufika pa masentimita 20, popeza mphukira sizichuluka kwenikweni. Pa nthaka yachonde, kapena pa mpunga wautali ngati Kilombero umene umakonda kugwa ukathinana, musafupikitse.

Kodi si kuwononga malo? Munda umaoneka ngati simunabzale kanthu.

Umaonekadi choncho, ndipo milungu iwiri yoyamba ndi yochititsa manyazi. Chaka chimene ndinayesa koyamba, mayi wina wa puloti yoyandikana nayo anaima pa mgula n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mbande zakutherani? Bwerani mudzatenge kwanga." Sanali kunyoza, ankandimvera chisoni. Kwake kunali kobiriwira, kwanga kunkangooneka matope ndi titsitsi tochepa. Pofika mwezi ndi theka mizere inali itatsekeka, ndipo phando limodzi silinkakwananso m'dzanja.

Tiwerengere limodzi. Pa masentimita 25 mbali zonse, malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi amatenga mapando 16, kutanthauza 160,000 pa hekitala. Njere 1,000 za mpunga zimalemera magalamu 25 mpaka 30, ndiye njere 160,000 ndi makilogalamu osapitirira asanu. Ngakhale muwonjezere zotayika ndi zopakizira, simufika makilogalamu 10. Amene amaika mbande zinayi pa mapando oyandikana amafuna mbewu yochuluka kangapo kuposa pamenepa, ndipo womwaza amafuna yoposanso. Mbewu yotsalayo ndi chakudya cha pakhomo, kapena ndi mwayi wogula mbewu yovomerezeka imene kale inkakulepherani chifukwa cha kuchuluka kwake.

Mpunga si mbewu ya m'madzi? Bwanji mukuti tiziumitsa munda?

Mpunga umapirira madzi, koma mizu yake imafunanso mpweya. Madzi ambiri aja ntchito yake yaikulu n'kupha udzu. Mu SRI mumathira pang'ono, n'kudikira aphwe mpaka pamwamba pa dothi payambe kuoneka timing'alu ting'onoting'ono, kenako n'kuthiranso. Ming'alu yolowa chala ndiye kuti mwachedwa. Mpunga ukatenga mimba, komanso pamene ukumasula, lekani zoumitsa: sungani madzi ochepa nthawi zonse, chifukwa ludzu la nthawi imeneyi limabala ngala zopanda kanthu mkati. Kukatsala milungu iwiri kuti mukolole, tsegulani madzi atuluke.

Lamulo limeneli ndi losavuta pakamwa, koma m'sikimu madzi amayenda mosinthana. Ine zinandionekera: ndinaumitsa munda podalira kuti tsiku langa lothirira likubwera, tsikulo litafika ngalande inali youma chifukwa a kumtunda anali atatseka. Mlimi wa kumapeto kwa ngalande akamasunga madzi ambiri si umbuli, n'kuopa mawa. N'chifukwa chake njirayi imayenda bwino pamene alimi a ngalande imodzi agwirizana tsiku lofesa ndi ndondomeko yothirira kudzera m'komiti yawo ya madzi.

Udzu bwanji?

Umamera, ndipo wambiri. Yambani kupalira pakatha masiku 10 kapena 12 chiwokerereni, n'kumabwereza pakatha masiku 10 aliwonse, katatu kapena kanayi, mpaka mpunga utatseka. Pali kachipangizo kokankha kokhala ndi mano ozungulira kamene kamakwirira udzu m'matope n'kutakasa dothi. Kamafuna madzi pang'ono pamwamba kuti kayende. Apa m'pamene mumayamikira mapando olunjika mbali zonse, poti mumapalira molunjika n'kubwereranso mopingasa. Wopanda kachipangizoka apalira ndi manja kapena kakhasu, ndipo msana umamva.

Ndiye ntchito ichuluka?

Chaka choyamba, inde. Aganyu ozolowera kubaya mbande zazikulu mothamanga amadandaula, ena amakweza mtengo, ena mukangotembenuka amaika ziwiri. Manja akazolowera liwiro limabwera, ndiponso nazale yake ndi yaing'ono, yosavuta kuisamala ndi kuinyamula. Ine ndinganene kuti musayambe ndi munda wonse. Dulani kachigawo, kena kalimeni mmene mumalimira, mbewu yofanana, manyowa ofanana, ndipo pokolola yezani padera.

Zokolola zimakwera motani?

Musamvere aliyense wokulonjezani nambala asanaone munda wanu. Ngakhale akatswiri a mpunga akhala akutsutsana zaka zambiri pa zokolola zikuluzikulu zimene ena amati anapeza ndi SRI. Chimene sichivuta kuona ndi maso n'chakuti mbewu imalowa yochepa, mizu imakula, ndipo munda wolunjika supweteka kupalira. Nthaka yosadyetsedwa siisintha chifukwa cha chingwe. Manyowa owola bwino ndi mapesi obwezeredwa m'munda ndi mbali ya njirayi.

Ife timalima mpunga wa m'dambo wodalira mvula. Zikutikhudza?

Pang'ono chabe. Kumene madzi amasefukira mosalamulirika, mbande ya masamba awiri imamira kapena kukokoloka, ndiye wokerani yokulirapo. Koma kubzala m'mizere m'malo momwaza, kusankha mbewu ndi madzi a mchere ndi kuchepetsa mbande pa phando, zimenezo mungatenge.

Nanga mitengo ya zipatso ili ndi lamulo lake la kutalikirana kwa mapando?

Lilipo, ndipo kulakwitsa kwake kumapweteka kuposa pa mpunga, chifukwa mpunga mumakonza chaka chamawa pomwe mango mumakhala nawo zaka makumi. Mango olumikiza amafuna mamita 9 kapena 10 mbali zonse, ndiye kuti mitengo pafupifupi 100 mpaka 120 pa hekitala. Malalanje ndi manachesi ngati a ku Mwanza amafuna mamita 6 kapena kuposerapo pang'ono, nthochi mamita atatu. Kumbani dzenje la masentimita osachepera 60 kuya ndi kutambalala mvula isanayambe, dothi lapamwamba mulisakanize ndi manyowa n'kuliyambitsa pansi. Pobzala ng'ambani chubu, musabzale nacho, ndipo polumikizira pakhale pamwamba pa dothi; pakakwiririka pamaola, kapena tsinde la pansi limaphuka n'kulanda mtengo. Malo apakati asakuwaweni mtima: zaka zitatu zoyambirira bzalanimo mtedza, soya kapena nyemba, kusiya mita imodzi kuzungulira kamtengo kalikonse.