Anyamata a mbiya zadothi, mmene Jars of Clay inayambira

Bandi imeneyi inayambira pa tisheti. Ku Greenville College, kasukulu kachikhristu ku Illinois m'dziko la America, Dan Haseltine ndi Charlie Lowell anadziwana chifukwa mmodzi anavala tisheti ya bandi ya Toad the Wet Sprocket, winayo atangoiona basi macheza anayambika. Kenako kunabwera Stephen Mason ndi Matt Bronleewe, cha m'ma 1993, ndipo zoti adzatchuka sizimawabwerera n'komwe, nyimbozo ankangopeka ngati ntchito ya m'kalasi.

Dzina loti Jars of Clay, kutanthauza mbiya zadothi, analitenga pa 2 Akorinto 4:7, pomwe Paulo akunena za chuma chosungidwa m'zotengera zadothi, ndipo ine pamenepa ndi pomwe amandigwira mtima. Anyamata a zaka zimenezo nthawi zambiri amafuna dzina loopsa, lomveka mphamvu, koma awa anasankha kudzitcha mbiya zoti ungozigwetsa zasweka. Nyimbo zawo nazo zili choncho, munthu wofooka akulira kwa Mulungu mosabisa kanthu, magitala aakustiki akulira pansipansi.

Mu 1994 anawina mpikisano wa Gospel Music Association ku Nashville, makampani ojambula nyimbo n'kuyamba kuwasaka, ndiye anasiya sukulu n'kusamukira komweko, kupatula Bronleewe yemwe anatsala kuti amalize maphunziro, malo ake anatenga Matt Odmark, mnzake wa Lowell wa paubwana. Chimbale choyamba chinatuluka mu 1995 ku Essential Records, ndipo nyimbo ya "Flood" inadumpha mpanda, mawailesi omwe saika nyimbo zauzimu anayamba kuiika, kanema wa nyimbo wa MTV nayenso, mpaka makope a chimbalecho oposa 2 miliyoni anagulidwa.

Apa ndi pomwe anthu ena akutchalitchi anayamba kudandaula, eti anyamatawa alowerera chifukwa akuimba m'makalabu komanso akuyenda ndi oimba akudziko ngati Sting. Ine sindigwirizana nazo olo pang'ono. Munthu amene sapondako kutchalitchi uthenga akaumvera kuti ngati oimba onse adzitsekera m'kachisi? Zimbale zitatu zotsatira, za 1997, 1999 ndi 2002, chilichonse chinawina Grammy, mphoto yaikulu ya oimba ku America.

Mu 2004 anayambitsa Blood:Water Mission, bungwe lothandiza pa nkhani ya Edzi ndi madzi aukhondo mu Africa muno, ndipo pa makonsati awo ankapempha anthu kuti asonkhe ndalama zokumbira zitsime 1,000.