Ndodo 7 zakaunjika zikukwanani poyamba gofu

Malamulo a gofu, omwe amalembedwa ndi bungwe la R&A la ku St Andrews, Scotland, mogwirizana ndi USGA ya ku America, amati wosewera asanyamule ndodo zopitirira 14. Malire amenewa anakhazikitsidwa mu 1938 ku America ndi 1939 ku Britain, ndipo sasewera nawo: pa mpikisano wa The Open wa 2001, Ian Woosnam ali pakati pa otsogola tsiku lomaliza, anapezeka ndi ndodo 15 m'chikwama, namuwonjezera zigoli ziwiri za chilango. Koma lamulo silinena kuti muyenera kukhala nazo zonse 14. Ophunzira ambiri amene ndimawaphunzitsa amabwera atawononga kale ndalama pa ndodo zimene sadzazitulutsa m'chikwama chaka chathunthu.

Chifukwa chake n'chosavuta. Nkhope ya ndodo iliyonse inapendekeka mosiyana ndi inzake, ndipo kupendekekako ndiko kumakweza mpira m'mwamba. Pakati pa ndodo za mutu wachitsulo zotchedwa 7-iron ndi 8-iron pali kusiyana kwa madigiri 4 kapena pafupi pamenepo, komwe kwa katswiri ndi mamita 10 kapena kupitirirako pang'ono. Wophunzira akamenya katatu ndi ndodo imodzi yomweyo, mpira woyamba umagwa apa, wachiwiri uko, wachitatu umangokwawa pansi. Kusiyana kwa mamita 10 kumasowa m'chipwirikiti chimenecho. Ndiye n'kugulanji zonse?

Tengani izi: 3-wood kapena driver (zomenyera mpira kutali), hybrid imodzi (yophatikiza wood ndi iron), 6-iron, 8-iron, pitching wedge (yokwezera mpira pafupi), sand wedge (yotulutsira mpira mumchenga) ndi putter (yogubuduzira mpira m'dzenje). Zakwana 7. Ma iron a nambala 3 ndi 4 asiyeni, ngakhale wogulitsa akuchotsereni mtengo; nkhope zake n'zoima kwambiri moti ndi ochepa amene amakweza nazo mpira, ndipo ntchito yake hybrid imaigwira mosavutitsa. Mukaumirira driver, ndikudziwa kuti ambiri mudzaumirira chifukwa cha kulira kwake, sankhani ya madigiri 10.5 mpaka 12, ya mutu waukulu wa 460cc, womwe ndi malire a lamulo. Ya madigiri 9 imapititsa mpira kutchire.

Pa ma iron ndipo pali nkhani. Mukatembenuza mutu wa ndodo, ina kumbuyo kwake n'kosalala, ina n'kogoba ngati mbale. Yosalalayo, yomwe amaitcha blade, ndi ya anthu omenya pakati penipeni pa nkhope nthawi zonse. Yogobayo, cavity back, kulemera kwake anakukankhira m'mphepete, kotero mpira ukagunda kunsonga kapena kuchidendene mutu supotoka kwambiri, mpira n'kupitabe kutsogolo. Amene anatchukitsa nzeru imeneyi ndi Karsten Solheim, woyambitsa kampani ya Ping, yemwe anatulutsa putter ya Anser mu 1966 ndi ma iron a Eye2 mu 1982. Ma Eye2 mpaka lero akumenyabe m'mabwalo ambiri. Chitsulo cha iron sichikalamba msanga, n'chifukwa chake ndimati ndodo ya Ping, Callaway, TaylorMade, Cobra kapena Wilson ya zaka 10 zapitazo iposa yatsopano yopanda dzina yomwe yangonyezimira.

Mpini nawo uli ndi chilembo chosonyeza kulimba kwake: L, A, R, S kapena X, kuyambira wofewa mpaka wouma gwa. Abambo ambiri oyamba kumene amayenera R, amayi ambiri L, achikulire A. Vuto la kaunjika n'lakuti ndodo zambiri zimene zimagulitsidwa ndi za S, ndipo pali abambo amene amaona ngati R ndi wonyozeka. Mpini wouma ukagwidwa ndi munthu wosathamangitsa ndodo mokwanira, mpira umatsika ndi kukhotera kumanja. Mpini wa graphite ndi wopepuka, umathandiza amene ali ndi nyamakazi kapena mkono wofooka. Wachitsulo ndi wotsika mtengo ndiponso wolimba.

Poona ndodo yakaunjika, musapupulume. Yendetsani chala pa mpini wonse: dzimbiri lochita mabowo pa wachitsulo, kapena malo operepeseka pa wa graphite pomwe umakhudza chikwama, ndi pamene udzathyokere. Gwedezani ndodo pafupi ndi khutu. Kukalira kanthu m'kati kapena mutu ukasewera, guluu watha. Mizere ya pankhope ya wedge ikhale yooneka, chifukwa ndi imene imagwira mpira kuti uime pa green, kaudzu kosalala kozungulira dzenje. Grip (mphira wogwirira ndodo) yoterera isakubwezeni, imasinthidwa pamtengo wochepa, koma itchuleni ponenerera. Ndipo isintheni ndithu: grip ikatha munthu amafinya ndodo, mikono n'kuuma, kamenyedwe konse n'kuwonongeka.

Chenjeraninso ndi zachinyengo, makamaka pa Facebook ndi WhatsApp. Driver ya chaka chino yogulitsidwa theka la mtengo wake ili ndi mawu. Utoto wosefukira m'zilembo ndi grip yonunkha tayala ndi zizindikiro. Nyamulani kamaginito: nkhope ya titanium sigwira maginito, choncho ikagwira pa driver yolembedwa kuti ndi titanium, bwezani.

Kwathu kuno sitolo za gofu n'zosowa, ndipo katundu wambiri amachokera ku South Africa. Musanatume m'bale wa ku Johannesburg, werengerani za msonkho ndi zonyamulira chikwama chachitali chotere, kenako yambani mwafunsa pafupi. Ku Lilongwe Golf Club, ku Blantyre Sports Club kapena ku Country Club Limbe, mphunzitsi ndi ma caddie (onyamula zikwama za osewera) amadziwa amene akusamuka m'dziko muno kapena wagula zatsopano ndipo akufuna kutaya zakale. Ubwino wake mumamenya nazo mipira ingapo musanalipire. Amanzere okha konzekani kudikira, ndodo zanu zimasowa.

Nthaka yathu nayo ili ndi mawu pa sand wedge. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mabwalo ambiri amauma ngati msewu. Wedge yotupa kwambiri kunsi, yomwe imakoma mumchenga wofewa, imanjanja pa nthaka youma n'kugunda mpira pamimba. Ya madigiri 54 mpaka 56 yokhala ndi bounce (kutupa kwa kunsiko) ya madigiri 8 mpaka 10 imagwira ntchito ponseponse.

Putter musaitenge mwachisawawa. Pa bwalo la maenje 18 amawerengera kuti muimenya ka 36, kuposa ndodo ina iliyonse. Mtengo wake si nkhani. Yesani utali wa mainchesi 33, 34 ndi 35, mutenge imene maso anu akhala pamwamba pa mpira popanda kupweteka msana.

Zotsalazo n'zazing'ono. Nsapato zamasewero zogwira bwino pansi zikwana miyezi yoyamba, malaya a kolala amapezeka pamsika, golovesi ndi imodzi, ya kumanzere ngati mumamenyera kumanja. Titleist Pro V1 ndi mpira wabwino zedi, koma wophunzira amataya mipira ingapo tsiku limodzi, ndipo chikopa chake chofewa chimawonjezera kuzungulira komwe kumakhotetsa mpira wolakwika kale. Gulani ya zigawo ziwiri monga Srixon AD333, kapena yotola imene ma caddie amagulitsa, bola ikhale yosang'ambika ndi yosayezuka chifukwa chokhalitsa m'madzi. Ndalama yotsalayo lipirani maphunziro angapo kwa mphunzitsi, yemwenso adzakuuzani nthawi ikakwana yowonjezera 7-iron ndi 9-iron.