Ndere zobiriwira za m'madamu si mankhwala a zilonda

Pa WhatsApp muno mu Lusaka pakuyenda uthenga woti ndere zobiriwira zimene zimayandama m'madamu ndi m'maenje okumbamo miyala zimapha majeremusi kuposa amoxicillin. Akuti mungomwa madziwo kapena kupaka pachilonda. Musayese n'komwe.

Mphekeserayi ili ndi pomwe inachokera. Zina mwa ndere zoterezi kwenikweni ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria, ndipo mitundu ina imapangadi zinthu zopha mabakiteriya anzake, monga hapalindole amene asayansi anamupeza m'zaka za m'ma 1980. Koma izi zimaoneka mulabotale, chinthucho atachipatula ndi kuchiyeza bwinobwino. Mpaka lero, palibe mankhwala opha mabakiteriya ochokera ku cyanobacteria amene dokotala angakulembereni.

Chimene uthengawo ukubisa n'chakuti madzi omwewo amatha kukhala ndi poizoni wotchedwa microcystin, amene amawononga chiwindi. Kuwiritsa sikumuthetsa. Mu 1996 ku Caruaru, m'dziko la Brazil, odwala impso oposa 50 anamwalira madzi a poizoniyu atagwiritsidwa ntchito m'makina osefera magazi. Za kolera wa m'madzi osayenda sitichita kuuzana, anthu a ku Kanyama ndi Chawama amamudziwa bwino. Chilonda chikayamba mafinya, pitani nacho kukiliniki.