Si regulator aliyense amene angagwire pa dayinamo

Zaka zikupita, koma m'magalaja a kuno ku Thyolo mawu akadali omwewo: "Regulator ndi regulator, bola akhale wa 12V." Zimenezi si zoona, abale anga.

Dayinamo (makina opanga magetsi otchajira batire) ya galimoto yakale imafuna regulator (kachipangizo koyang'anira kuchuluka kwa magetsiwo) wogwirizana ndi ma amp ake. Mukaika wololeza ma amp 30 pa dayinamo ya ma amp 22, imatentha mpaka waya wam'kati kupsa. Palinso nkhani ya earth: galimoto zambiri zakale za ku Britain zinali za positive earth, kutanthauza kuti mbali ya + ya batire ndiyo imalumikizidwa ku chitsulo cha galimoto, choncho onani ngati regulator akugwirizana nazo. Regulator wa alternator (makina amene analowa m'malo mwa dayinamo) ndiye sangagwire n'komwe, chifukwa alibe cut-out yoletsa moto wa batire kubwerera m'dayinamo injini ikazima.

Werengani manambala olembedwa pa dayinamo ndi pa regulator, muwayerekeze ndi buku la galimotoyo. Mukaponda mafuta pang'ono, multimeter (choyezera magetsi) pa batire ionetse pafupifupi 14V. Chimene simunatsimikize nokha, chonde musachifalitse kwa anzanu.