Umuna wa tonde ndi wochepa, koma si wosowa mphamvu

Alimi ena amakhulupirira kuti tonde wabwino ndi amene amatulutsa umuna wambiri, ndipo akamva kuti tonde amatulutsa pafupifupi mililita imodzi yokha pokwera kamodzi, amati ndi wofooka. Si choncho ayi. Nkhumba yamphongo imatha kutulutsa mamililita 200, koma umuna wake ndi wosungunuka. Wa tonde ndi wokhathamira, woyera ngati mkaka wa mafuta, ndipo m'mililita imodziyo mumakhala timbewu mabiliyoni 2 kapena kuposerapo.

Timbewuto timapangidwa m'machende, koma madzi amene timasambiramo amachokera ku tiziwalo tina tapafupi ndi chikhodzodzo. Muli shuga wotchedwa fructose, amene ndi chakudya cha timbewu paulendo wake, komanso citric acid, mchere ndi mapuloteni.

Chodabwitsa ndi ichi: kamodzi mwa tiziwalo ta tondeti, kotchedwa bulbourethral, kamatulutsa enzyme (mtundu wa puloteni) imene imaphwanya mafuta a m'chikasu cha dzira la nkhuku n'kuwasandutsa poizoni wopha timbewu. Umuna wa ng'ombe amausunga bwinobwino m'madzi osakaniza ndi chikasucho, koma wa mbuzi akatswiri nthawi zambiri amayamba autsuka, kuchotsa madzi ake, asanauumitse ndi kuzizira kuti ausunge.

Popeza timbewu timapangidwa m'machende, pogula tonde gwirani machendewo. Akhale awiri, olimba, ofanana kukula, opanda chotupa. Kukula kwa machende kumasonyeza bwino kuchuluka kwa timbewu kusiyana ndi madzi amene mungaone ndi maso.