Thupi likazizira, malungo amakhala asanathe

Pa ntchito yanga yoona odwala pali mawu amene amandiwawa mtima: "Mwana anayamba kusewera, ndiye mankhwala otsalawo ndinasunga." Mayi wotere sikuti sasamala mwana. Amangoona kuti thupi lazizira, n'kuganiza kuti otsalawo adzathandiza tsiku lina.

Mankhwala a LA, amene dzina lake lonse ndi artemether-lumefantrine, ndi awiri m'piritsi limodzi. Artemether ndi wachangu. Amapha tizilombo tambirimbiri m'magazi tsiku loyamba lomwelo, n'chifukwa chake wodwala amadzuka msanga. Koma sakhalitsa m'thupi, pakangopita maola ochepa ndiye kuti watha. Mnzakeyo, lumefantrine, ndi wodekha: amakhala m'magazi masiku angapo, kusesa tizilombo totsalira. Kuti achulukane mokwanira, wodwala ayenera kumwa maulendo 6, kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Mukalekeza panjira, totsalira tija timaswananso, ndipo pakatha milungu ingapo mwana uja ali gone, magazi atachepa kale ndi matenda oyamba aja.

Lumefantrine salowerera bwino ngati m'mimba muli mopanda kanthu. Mupatseni wodwalayo mkaka kapena chakudya cha mafuta pang'ono, wakhanda ayamwe. Akasanza atangomwa, mumwetseninso, kenako mukatenge ena olowa m'malo.

Chinanso chimandidetsa nkhawa. Tizilombo topulumuka ku mankhwala osakwanira nthawi zambiri ndi tija tolimba, ndipo udzudzu umatinyamula kupita nato kwa anthu ena. Chloroquine anali mankhwala odalirika kwa zaka zambiri, lero sathanso kuchiza malungo oopsa oyamba ndi tizilombo totchedwa falciparum m'mayiko ambiri. Zizindikiro zoti tizilombo tayamba kulimbana ndi mankhwala a gulu la artemether zinaoneka koyamba ku Cambodia, ndipo tsopano zapezekanso ku Rwanda ndi ku Uganda.

Mankhwala osunga aja ali ndi msampha wina: amamwetsedwa popanda kuyeza magazi. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Chibayo nachonso chimatenthetsa, ndipo LA sachiza chibayo. Kuyeza kwa pachala kumatenga mphindi 15 kapena 20 basi.

Koma mwana akakomoka, akaleka kuyamwa, akamasanza chilichonse, kapena akamangogona osadzutsika, mapiritsi asiyeni. Ameneyo akufunika jakisoni wa artesunate, ndipo musadikire kuti kuche.