Mayina a Chingerezi a kanyumba koimbiramo lamya

Amene amawerenga nkhani za ku Britain amakumana ndi mawu akuti "phone box", pamene owerenga za ku America amapeza "phone booth", ndipo onse awiriwa amanena kanyumba ka m'mphepete mwa msewu kamene munthu amalowamo, n'kuponya ndalama yachitsulo m'makina kuti aimbe lamya. Chimene ambiri salabadira n'chakuti mawuwa amatchula kanyumbako, osati lamyayo. Lamya yolipira dzina lake ndi "payphone", ndipo ikhoza kukhomedwa pakhoma la siteshoni ya sitima popanda kanyumba kalikonse, monganso yoyamba ya mtunduwu, imene William Gray anaiika m'nyumba ya banki mumzinda wa Hartford ku America mu 1889.

Ku Britain dzina la pakamwa pa anthu linasiyana ndi dzina la m'makalata a boma. Bungwe la General Post Office, limene linkayendetsa ntchito za lamya, linkati "kiosk", ndipo n'chifukwa chake mitundu ya tinyumbati imadziwika ndi chilembo cha K. Mtundu wa K2 anaujambula ndi katswiri wa zomangamanga Giles Gilbert Scott atapambana mpikisano wa mu 1924, ndipo unayamba kuoneka m'misewu ya London mu 1926. Unali waukulu komanso wokwera mtengo, choncho mu 1935, pokumbukira kuti Mfumu George V yatha zaka 25 pampando, Scott yemweyo anajambula K6, wocheperako, umene unafalikira mpaka m'midzi, ndipo tinyumba take tinafika pafupifupi 60,000. Timeneti ndiye tinyumba tofiira timene alendo amajambulitsapo zithunzi, ndipo munthu wa ku Britain akati "phone box" ndi timene timamubwerera m'maganizo.

Mawu amene amasokoneza kwambiri ndi akuti "call box". Bungwe la Ofcom, loyang'anira ntchito za lamya ku Britain, limalemba "public call box" m'malamulo ake ponena lamya ya anthu onse ya pamsewu. Ku America mawu omwewa kawirikawiri amatanthauza lamya ya pamtengo m'mbali mwa msewu waukulu, imene woyendetsa galimoto amaitanira thandizo pangozi osalipira kanthu. M'kuona kwanga, womasulira nkhani amene sayamba wafufuza dziko limene nkhaniyo yachokera akhoza kumuika munthu m'kanyumba kamene kunalibe.

Mafoni a m'manja atachuluka, tinyumba tambiri tinasowa ntchito. Kuyambira mu 2008 kampani ya lamya ya BT imalola makhonsolo ndi mabungwe achifundo kugula kanyumba kofiira pa paundi imodzi, ndipo ena amaikamo mabuku obwereketsa, ena makina othandiza munthu amene mtima wake waima. Ngakhale lamya itachotsedwamo, anthu amakatchulabe "phone box". Timene tidakali ndi lamya tili ndi chitetezo cha malamulo a Ofcom a mu 2022, amene amaletsa kuchotsa kanyumba komaliza pamalo pamene netiweki ya ngakhale imodzi mwa makampani akuluakulu a mafoni a m'manja sifika, pamene ngozi zimachitika kawirikawiri, kapena pamene anthu anaimbirapo ka 52 kapena kuposerapo m'miyezi 12 yapitayo.